Kapu Yoyamba ndi ya Wokama

Pretoria, ku Joni
Mwezi wa Juni

Okondedwa Amayi,

Landirani moni wochokera kwa mwana wanu Thoko. Kodi muli bwanji kumeneko ku Wimbe? Mawondo aja ankakuvutani nthawi yosoka fodya asiya? Nanga chifuwa? Ndikudziwa kuti muyankha kuti zonse zili bwino, chifukwa inu ngakhale nyumba itapsa munganene kuti mukuwotha moto. Ine kuno ndili moyo ndipo ntchito ndikugwira, koma mtima wanga sunakhale m'malo mwake chiyambire sabata yatha.

Musadabwe kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Ndikakuyimbirani mumakweza mawu a foniyo, ndiye ndimamva malume Aloysius akutsokomola chapafupi, ana akuseka, mudzi wonse uli tcheru. Nkhani ndili nayoyi si ya pabwalo. Muvale magalasi anu owerengera Baibulo aja, mukhale kuseri kwa chigafa, muiwerenge nokha mpaka kumapeto.

Kuno kukuzizira koopsa, Juni wa ku Kasungu ndi mwana. Magetsi amazimanso ngati kwathu komweko, ndiye musamakhulupirire anyamata obwera ndi majekete onyezimira aja akamati ku Joni ndi kumwamba. Chitseko cha chipinda chomwe timagona chinathyoka loko, mwini nyumba amangoti mawa. Bulangete ndi mafuta opaka m'mawondo ndapatsira a Uthman a basi pamodzi ndi kalatayi. Bulangetelo mufunde ndinu, musalisungire alendo.

Tsopano ndifike pa chomwe chandilembetsa. Paja ndinakuuzani kuti ndimagwira ntchito pa nyumba ya misonkhano, kukolopa ndi kuperekera tiyi. Sabata yatha kunali msonkhano waukulu wa madokotala ochokera m'mayiko ambiri. Chondidabwitsa choyamba chinali chakuti madokotala a anthu ndi madokotala a ziweto anakhala m'chipinda chimodzi, azamba mbali iyi, a ng'ombe mbali iyo, kumwera tiyi pamodzi. Ndinafunsa mnzanga wa ku Zimbabwe kuti kodi sanasokoneze zipinda? Iye anati ayi, nkhani yawo ndi imodzi, ya uchembere, ndipo amene anawaphatikiza ndi mayi uyo ali pa chithunzi cha pakhomo.

Ndinapita kukachiona chithunzicho, tsache lili m'manja. Amayi, chithunzi chotalika kuposa chitseko cha tchalitchi chathu, ndipo nkhope yake ndi ya a Nthanda, mwana wa malemu a Lameki a kuchigayo. Mpata wa m'mano womwe uja, chipsera cha pachipumi chomwe chija. Pansi pake analemba kuti Pulofesa.

Inde, a Nthanda omwe aja munkatiopseza nawo. Paja munkati mtsikana akaphunzira mopitirira amatha ngati Nthanda, wokwatiwa ndi mabuku, amene anawoloka nyanja kukaphunzira kupisa mkono kumbuyo kwa ng'ombe. Amayi a Mvano akamatchula dzina lawo ankagwira pakamwa. Ine ndinakula ndikudziwa kuti munthuyo ndi chitsanzo cha kutayika.

A Nthanda atalowa m'chipindamo anthu onse anaimirira. Azungu a imvi, amwenye, anthu a ku Kenya ndi ku Nigeria, onse chilili kuwomba m'manja mpaka iwo anachita kuwakhazika pansi ndi dzanja. Ine ndinali kumbuyo ndi thireyi ya makapu, ndipo ndinangoima pomwepo, ntchito nditaiiwala. Kapitawo wathu anandiyang'ana diso loipa, koma sindinasunthe.

Chizungu chawo chinali chothamanga, koma Fomu 3 yanga inandithandiza apo ndi apo. Wowalandira ananena kuti zomwe a Nthanda analemba zimaphunzitsidwa m'masukulu a udokotala m'mayiko ambiri, ndipo wina aliyense wolemba za matenda amenewa amayamba watchula dzina lawo, monga abusa sayamba ulaliki asanatchule vesi. Anapempha kuti onse amene anaphunzitsidwa ndi iwo aimike manja. Manja anali mbwee, ena a anthu a madazi kale. Mayi wina, dokotala wa azimayi, anaimirira n'kunena kuti kuchipatala kwawo, mayi akabwera atapita padera, masiku ano amamufunsanso ngati ng'ombe kapena mbuzi za kwawo zikupoloza. Anati funso limenelo analiphunzira kwa a Nthanda, ndipo pali ana akuthamanga lero chifukwa cha funsolo. Ananena misozi ikutsika.

Kenaka a Nthanda anaonetsa mapu pakhoma, odzaza ndi timadontho tofiira. Kadontho kalikonse ndi mudzi womwe iwo ndi ophunzira awo anayezako mkaka, magazi a ziweto ndi magazi a eni ziwetozo. Timadontho tinali ponseponse, mayiko ndi mayiko. Atatero analoza malo amodzi oyera pakati pa dziko lathu, n'kunena kuti apo ndi pamene anabadwira, ndipo makola a pamenepo ndi okhawo sanawayezepo, chifukwa tsiku lomwe anapitako anthu anawathamangitsa ndi miyala. Anthu anaseka pang'ono poganiza kuti ndi nthabwala. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika ndilowemo.

Mukulikumbukira tsikulo kuposa ine, poti ine nthawi imeneyo ndinali ku banja ku Santhe. Chinali chaka cha mphekesera za anamapopa. A Nthanda anabwera ndi galimoto, majakisoni ndi bokosi loziziritsira, n'kupempha magazi a ng'ombe ndi a anthu. Wina anangokuwa kuti opopa magazi afika, basi mudzi wonse unatola miyala. Ndinamva kuti galasi la galimoto anaphwanya ndi malume Aloysius, ndipo mpaka lero amanyadira kuti anapulumutsa mudzi. Ndipo ng'ombe zomwe ankafuna kuyambira kuyeza zinali za m'khola mwathu.

Nthawi ya tiyi ndinalimba mtima. Anthu anawazungulira ngati njuchi, aliyense akufuna chithunzi, koma ine ndinadzipanikiza ndi thireyi yanga, n'kuwapatsa moni m'Chichewa. Anatembenuka msangamsanga, kundiyang'anitsitsa, n'kufunsa kuti ndine mwana wa yani. Nditatchula dzina la malemu bambo anaika kapu pansi n'kundikumbatira pamaso pa anthu onsewo, ine ndili mu yunifolomu yonunkha sopo wokolopera. Ndinkayembekeza kuti atchula za miyala. Funso lawo loyamba linali lakuti kodi mtengo wa mango wa pafupi ndi chigayo ulipobe.

Msonkhano utatha masana anandiitana, tinakhala panja padzuwa. Ndinawafunsa kuti matenda akhala akuwathamangitsa moyo wawo wonsewa ndi otani. Anandifotokozera mwa kwathu, mopanda chizungu. Anati pali kachilombo kena, matenda ake amawatcha buluselosisi, kamene kamakhala mu ng'ombe ndi mbuzi. Ng'ombe imaoneka yonenepa bwinobwino, koma imapoloza bere litakula kale, kapena kubala thole lofooka, nsengwa n'kukanirira. Kachilomboko kamatulukira mu mkaka, m'madzi a uchembere ndi mu nsengwa. Munthu amakatenga akamwa mkaka wosawiritsa kapena akagwira zimenezo ndi manja opanda kanthu. Akakatenga amadwala ngati malungo, kutentha thupi kobwerabwera, thukuta, msana ndi mafupa kuphwanya, koma akamuyeza malungo sawapeza. Kwa mayi woyembekezera mimba ikhoza kuchoka. Kwa mwamuna kakhoza kutupitsa kumalo obisika n'kufooketsa mbewu.

Anandiuzanso chomwe chinawayambitsa. Mayi awo anataya mimba zingapo, iwo n'kutsala okha ngati mwana, ndipo akukumbukira kuti zaka zomwezo mbuzi za pakhomo pawo zinkapoloza. Anthu ankati mayi awo ali ndi minyama. Iwo ali kamtsikana anadzifunsa kuti bwanji tsoka limodzi likugwira khola ndi nyumba nthawi imodzi, ndipo funso limenelo ndi lomwe linawafikitsa pa chithunzi chija.

Apa m'pamene ndinayamba kulira, Amayi, ndipo ndinawauza zonse za kwathu. Ndinawauza kuti Lefina, mkazi wa mlongo wanga Sankhani, mimba yoyamba inachoka, yachiwiri inachokanso, tsopano palibe ikugwira. Ndinawauza kuti ng'ombe zathu zikupoloza chaka ndi chaka, ndipo pakhomo mwagwirizana kuti mtengwayo anabwera ndi minyama kuchokera kwawo ku Kapelula, yomwe yatseka nyumba ndi khola lomwe. Ndinawauzanso zomwe munandiuza pa foni mwezi watha, kuti fodya akangotha kugulitsidwa ankhoswe akhala pansi, Lefina amusudzule, abwerere kwawo.

Iwo sanadzudzule munthu. Anangondifunsa kuti pakhomo pathu amakama ndani. Ndinawafotokozera lamulo la malemu bambo, lakuti mwamuna sakama chifukwa manja ogwira fodya amawawitsa mkaka, ndiye kukama ndi ntchito ya wamkazi wamng'ono pa onse pakhomo. Ndinawauzanso za kapu ya buluu yopachikidwa pa msomali wa pakhola, kuti kapu yoyamba ndi ya wokama, amamwa pomwepo mkaka uli wofunda, ngati malipiro ake odzukira m'mawa. Ndinkanena monyadira, poti bambo ankati pakhomo pawo wogwira ntchito sam'mana. A Nthanda anafunsa kuti Lefina asanabwere, kapuyo ankamwera ndani.

Amayi, ankamwera ndine. Kuyambira ndili Sitandade 7 mpaka tsiku lomwe ndinapita ku banja, m'mawa uliwonse. Chambiko ndinkapanga ndine, ndipo ng'ombe ikavutika pobala, amene ankalowetsa dzanja ndine, poti manja anga anali aang'ono.

Ndiye taganizani bwino. Mukuti ng'ombe zinayamba kupoloza Lefina atabwera. Si zoona, ndipo inu mukudziwa. Ng'ombe yofiira ija bambo anagula pa msika wa Santhe chaka chomwe fodya anachita bwino, tinkaitcha Chitedze chifukwa cha ukali, inapoloza bere lake loyamba ili m'khola mwathu. Bambo anati inagundidwa ndi ngolo. Chaka chotsatira inapoloza ina, anati yadya therere la m'dambo loipa. Nthawi imeneyo Lefina anali kamwana ka mamina ku Kapelula, dzina lathu asanalimvepo. Minyama yake inatsogola bwanji zaka zonsezo mwini wake asanafike?

Za ine simukufunika kukumbutsidwa. Ku Santhe mimba zanga zinkachoka zitayamba kale kuoneka. Apongozi anga ankanena poyera kuti amuna anga a Masautso anakwatira dengu lobooka. Ankhoswe anakhala pansi, ndipo malume Aloysius omwewa ndi amene anakanditenga, ine pambuyo pa njinga, katundu wanga m'chitenje. Munandilandira mukulira, munatukwana banja lonse la ku Santhe kuti ndi anthu opanda chisoni, mpaka munakana kupereka moni kwa apongozi anga pa maliro. Ine manyazi anandikulira, n'chifukwa chake ndili kuno ndikukolopa m'nyumba za eni.

A Nthanda ananditumiza kwa dokotala mnzawo kuno, ananditenga magazi. Zotsatira zinatuluka Lachitatu. Matendawa ali m'thupi mwanga. Msana uja ndakhala ndikudandaula zaka zonsezi, ndi kutentha thupi komwe ndinkati ndi mphepo ya ku Joni, mwina ndi zomwezo. Andipatsa mapilisi oti ndimwe kwa milungu ingapo osadumphitsa, ndipo ndayamba kale. Ndinawafunsa a Nthanda maso ndi maso ngati ndi matendawa anandilanda ana anga. Anati sangalumbire, chifukwa mimba imachoka pa zifukwa zambiri ndipo nthawi yapita, koma akanandiyeza kalelo akanayambira pomwepo. Kalelo lake ndi liti? Ndi chaka chomwe anabwera ndi bokosi lawo. Ine ndinali ndi pakati ku Santhe, ulendo wa njinga kuchokera pomwe galimoto yawo inkagendedwa.

Chiyambire Lachitatu chakudya sichikulowa. Ndimati ndikagwira tsache ndimangoima, kuganiza kuti thandizo linabwera lokha mpaka pakhomo, lobadwira m'mudzi mwathu momwe, ife n'kulithamangitsa. Anthu a mayiko ena anakwera ndege kudzamva mawu omwe ife tinkapatsidwa ulere pansi pa mtengo wa mango. Ndakwiya, Amayi, sindikubisirani, koma sindikudziwa kuti ndikwiyire ndani. Bambo ankatipatsa kapu ija chifukwa chotikonda.

Pepani, pali china chomwe mlongo sayenera kunena za mlongo wake, koma wakutsina khutu ndi mnansi. Sankhani wakhala akudwaladwala malungo osapezeka, ndipo munandiuza nokha kuti chaka chatha anatupa moti ankalephera kukwera njinga, mukuti anamuponda ndi mankhwala anzake a ku kalabu ya fodya chifukwa cha nsanje. Chambiko amadya tsiku lililonse. Mukamuchotsa Lefina n'kubweretsa mkazi wina, mkaziyo mudzamupatsa ntchito yokama ndi kapu yomweyo, ndipo pakapita zaka ankhoswe adzakhalanso pansi. Mudzasudzula ana a eni angati?

A Nthanda akuti matendawa amachizika, kwa mwamuna ndi mkazi yemwe. Sanalonjeze mwana, anati mwana amapereka ndi Mulungu, koma aona mabanja ambiri akulera atalandira mankhwala. Akuti mkaka uziwiritsidwa mpaka ubwadamuke, ngakhale wopangira chambiko. Ng'ombe ikamabala kapena ikapoloza, munthu asagwire ndi manja opanda kanthu, avale ngakhale majumbo a shuga, ndipo zotulukazo muzikwirira mozama, osapatsa agalu. Za ng'ombe zodwalazo akuti adzakambirana nanu pamodzi ndi alangizi a ziweto akadzaziyeza. Ndikudziwa kuti khola limenelo ndi chuma chomwe bambo anatisiyira, ndipo nkhani yake idzawawa.

Pempho langa ndi limodzi. A Nthanda akubwera kumudzi mu Ogasiti kudzamanga chiliza cha bambo awo. Anandiuza kuti bokosi lawo lidzakhala m'galimoto, koma sadzalitsitsa pokhapokha wina wa pakhomo adzawaitane, chifukwa msinkhu wothawa miyala unawapitirira. Ananena akuseka, koma ine ndinaona kuti chilondacho sichinapole. Ndiye ndikukupemphani, Amayi, muimitse nkhani ya ankhoswe mpaka nthawi imeneyo, ndipo mupite nokha, ndi mawondo anu omwewo, mukawaitane adzayeze khola, Sankhani ndi Lefina. Musatume mwana, musatume malume. Pakhomopo mawu omaliza ndi anu, ngakhale malume amaoneka ngati ndiwo amalamula. Mukanena kuti mtengwa wanga sachoka, palibe adzabweretse njinga.

Ndikudziwa kuti anthu adzakusekani kuti mwapita kukagwadira namapopa. Asiyeni aseke. Ine ndaona ndi maso angawa anthu ophunzira a dziko lonse ataimirira chifukwa cha mwana wa a Lameki, ndipo palibe amene anatuluka m'chipindamo magazi atamuthera.

Mundiperekere moni kwa malume Aloysius, muwauze kuti ndikuwalemekeza ngati kale, koma galasi la eni lija likudikira pepani. Moni kwa azakhali a Feliya ndi ana awo onse, kwa amayi aang'ono, ndi kwa amayi a Mvano amene amandipempherera. Moni kwa mlongo wanga Sankhani, mumuuze kuti fodya akagulitsa asathamangire wailesi ina, ndiponso kuti kuyezetsa magazi sikuchotsa munthu ulemu.

Kwa mlamu wanga Lefina musapereke moni wapakamwa. Mawa m'mawa akamapita kukhola mumutsatire, muchotse kapu ya buluu pa msomali paja, mumuwiritsire mkaka ndi manja anu, mukhale naye pansi mumwe limodzi. Tsiku lomwe ndinatsika pa njinga ya malume munandigwira n'kunena kuti mwana wanu sanalakwe kanthu. Ku Kapelula kulinso mayi amene adzanene mawu omwewo, ndipo anthu opanda chisoni amene adzawatukwane tidzakhala ife.

Tsalani ndi mtendere wa Ambuye, ndipo mundiyankhe kudzera kwa a Uthman akamabwerera.

Ndine mwana wanu amene anayamba kumwera kapu ija,

Thoko